Nthaka ya Muno Siisefa: Zimene Zinayankhulidwa pa Msonkhano wa Madzi ku Kanyama, Komboni ya mu Lusaka

Zikomo a tcheyamani, zikomo a khansala, ndi inu nonse amayi ndi abambo. Amene mwaima pakhomo lowani, benchi la kutsogolo kuno lili ndi malo ndipo sililuma. Anyamata, agogo awo apatseni mpando.

Nonse mwamva zimene zachitika kumunsi kuja sabata yathayi. Pa yadi imodzi ana atatu anatsekula m'mimba usiku umodzi, wamng'ono mpaka anakagona ku kiliniki pa diripi. Tithokoze kuti onse abwerako. A zaumoyo atatunga madzi a pachitsime cha pa yadipo n'kukawayeza, anapezamo E. coli, kachilombo kamene kwawo ndi m'matumbo mwa munthu. Tonse muno ndife akuluakulu, ndisazungulire: m'madzimo munali chimbudzi. Chitsimecho achikwirira. Tsono ndamva manong'onong'o akuti alipo amene anathiramo mankhwala chifukwa cha nsanje, ena akuti n'zamatsenga. Palibe anathiramo kanthu. Chimbudzi cha yadi ya kuseri chili masitepe 8 okha kuchokera pachitsimepo, ndipo mvula yoyamba inagwa patangotsala masiku anayi kuti anawo adwale. Mfiti yake ndi imeneyo. (kuseka)

Mukuseka, koma nditati amene ali ndi chitsime pa yadi akweze dzanja, manja alemera onse. Musakweze, sindinabwere ndi apolisi.

Ambiri a ife tinachokera kummawa: Katete, Chadiza, Chipata, ena makolo awo anadutsa pa Mwami kalekale. Kumudzi chimbudzi chimakhala kuseri kwa nyumba, chitsime kudambo, ndipo pakati pake pali dothi lochindikala, katondo ndi mchenga. Madzi oipa akalowa m'dothi lotero amayenda ngati nkhono, tsiku lonse mwina osakwana ndi mita imodzi yomwe, ndipo dothilo limagwira tizilombo mpaka tifere panjira. Tinabwera kuno tili ndi nzeru imeneyo m'mutu, yoti chinthu ukachikwirira pansi ndiye kuti chatha. Kumudzi inali nzeru ndithu, koma muno ndi msampha. Nthaka ya muno siisefa. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka mukawalote usiku.

Mukakumba muno mumapeza chiyani? Mafosholo angapo basi, piki yagunda mwala. Mwala woyererako uja amayi amaswa m'mbali mwa misewu n'kugulitsa pa wilibala, wachibale wa umene amapangira simenti ku Chilanga. Akatswiri amautcha dolomite ndi limestone. Mwala umenewu madzi a mvula amaunyambita pang'onopang'ono, ndipo pa zaka zikwizikwi aubowola mphako, ming'alu ndi ngalande zolumikizana. Amene munagumulapo chulu mukudziwa mmene mkati mwake mumaonekera, mauna okhaokha, una uwu kukalowa mwa unzake. Pansi pa Kanyama, Chibolya, John Laing, Misisi ndi Chawama ndi mmene palili. M'mauna otero madzi akhoza kuthamanga mamita mazanamazana pa tsiku limodzi, popanda chowasefa chilichonse. Mwalawu si woipa ayi. Umasunga madzi ambiri, n'chifukwa chake mijigo ya mu Lusaka, imene muno timangoti borehole, imatulutsa madzi ochuluka chotero. Kungoti khomo limene madzi a mvula amalowera mofulumira ndi lomwelo limene mkodzo, chimbudzi ndi oyilo zimalowera.

Chachiwiri, madzi a pansiwo sakhala pamodzimodzi chaka chonse. Mu Okutobala amatsika, chingwe cha chitini mumachilumikiza kuti chifike. Mvula ikagwa Disembala, Januwale, amakwera, pofika Febuluwale m'madera ena amatulukira pamwamba penipeni. Lusaka ndi wachidikha, madzi alibe kothamangira. Madzi aja mumawaona atadzaza m'dzenje la chimbudzi mu Febuluwale musamati ndi a padenga. Ndi omwewo ali m'chitsime chanu, angokumana. Dzenje la chimbudzi lotayira pansi limafunika kuti pansi pake patalikirane ndi madzi mamita osachepera 2, poyeza nthawi imene madziwo akwera kwambiri. Muno mpata umenewo mungaupeze kuti, pamene mwala uli m'mawondo ndipo madzi ali m'chiuno? Nthaka ya muno siisefa, komanso ndi yochepa.

Ena mumtima mukuti, ife zimenezo sizitikhudza, timatunga pa kiyosiki. Madzi a pa kiyosiki amachokera kuti? Mzinda uno uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo madzi ake a m'mipopi ali ndi magwero awiri. Ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, amayeretsedwa ku Iolanda n'kupopedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Koma pafupifupi theka amachokera pansi pomwe tapondapa, m'mijigo yoposa 100 ya kampani ya Lusaka Water, monga ya ku Shaft 5 cha ku Lilayi ndi ya ku Mass Media. A Kanyama Water Trust, amene amatigulitsa madzi pa makiyosiki a kuno, nawonso amapopa pansi pomwepa. Mphika ndi umodzi, kungoti ena amatunga ndi chitini, ena ndi pampu ya magetsi. Kusiyana kwake n'kwakuti a pa kiyosiki amatengedwa pakuya, amathiridwa klorini ndipo amayezedwa, pamene a pachitsime chanu amangoyezedwa ndi mimba za ana. Koma klorini sachotsa zonse, ndifikapo pamenepo.

Musaiwale msanga. Kolera wa mu Okutobala 2017 anayambira ku komboni ya Chipata n'kufika kuno ku Kanyama, ndipo dziko lonse anadwala anthu oposa 5,000. Wa mu Okutobala 2023 ndiye anaposa pamenepo: odwala oposa 20,000, omwalira oposa 700. Heroes Stadium, malo a mpira, anasanduka chipatala, ndipo ana sanatsegulire sukulu mu Januwale 2024. Maulendo onse awiri boma linalamula kukwirira zitsime zosaya. Maliro atatha, mvula itakata, ena munakafukula zomwezo usiku. Ndikunama? Mwakhala chete.

Ndiye tifike pa malamulo. Anthu akamva zoti khonsolo yaletsa kumanga pamalo akutiakuti, amangoti akufuna atilande puloti, kapena akufuna ya fanta. Nthawi zina madandaulo otero amakhala ndi pake, sindikana. Koma mu mzinda wokhala pamwala wamphako, lamulo la kamangidwe ndilo lamulo la madzi. Madzi a pansi sungawatsuke ngati mbale. Akaipa, zimatenga zaka zambiri kuti ayere, ndipo njira yotsika mtengo ndi imodzi yokha, kusankha bwino chimene chikhale pamwamba pake.

Pali malamulo atatu amene ndikufuna muwadziwe ndi mayina. Loyamba ndi Water Resources Management Act la 2011, limene linakhazikitsa WARMA, bungwe loyang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi. Lamuloli limapereka mphamvu yolengeza kuti dera lakuti ndi lotetezedwa chifukwa cha madzi. Mu 2018 panatuluka malamulo ang'onoang'ono a mijigo: musanabowole mumadziwitsa WARMA, wobowolayo akhale ndi laisensi, mjigo ulembetsedwe, ndipo utalikirane ndi chimbudzi, sepitiki kapena sokawe (dzenje lija lomwetsera pansi madzi otuluka m'sepitiki) mamita osachepera 30. Lachiwiri ndi Urban and Regional Planning Act la 2015. Limeneli limati kumanga, kugawa puloti pawiri, kapena kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo cha khonsolo. Kusintha ntchito ya malo n'kutani? Ndi kuja nyumba yogonamo yasanduka galaja, kapena pa yadi pamene ana ankasewera mwaikapo potsukira magalimoto. Lachitatu ndi Environmental Management Act, nalonso la 2011, la a ZEMA, bungwe loyang'anira za chilengedwe. Limeneli limati zinthu zikuluzikulu monga fakitale, malo omwetsera mafuta ndi dzala la mzinda ziyambe zaunikidwa zisanamangidwe.

Nzeru imene ili kuseri kwa malamulowa ndi ya mipanda itatu yozungulira mjigo wa anthu onse. Mpanda woyamba ndi weniweni, wa waya kapena mabuloko, mamita ngati 10 kuzungulira mjigo. Mmenemo simulowa kanthu: mbuzi ayi, dimba ayi, kuchapa ayi, kantemba ayi. Mpanda wachiwiri suoneka ndi maso, amauyeza ndi masiku. Tizilombo tambiri ta m'mimba tikakhala pansi masiku 50 timafa, choncho akatswiri amafunsa kuti, dontho limene litenge masiku 50 kuti lifike pa mjigowu liyambira pati? Pamenepo ndiye malire. M'kati mwake musakhale zimbudzi zotayira pansi, sokawe, manda, makola kapena dzala. Kumalo a mchenga malire amenewo akhoza kukhala pafupi. Nanga muno, mmene madzi amathamanga mamita mazana pa tsiku, masiku 50 akufikitsani kuti? Ndi makilomita. Mpanda wachitatu ndi dera lonse limene mvula yake imadyetsa mjigowo, ndipo mmenemo chimene amaopa ndi zinthu zosafa: mafuta, mankhwala a m'mafakitale, feteleza wochuluka. Akatswiri a boma lathu pamodzi ndi a ku Germany anajambula mapu osonyeza madera a Lusaka amene madzi ake a pansi savuta kuipitsa, ndipo kuno kwathu kuli m'gulu la madera oopsa kwambiri.

(Bambo wina kumbuyo: "Pepani a mlangizi, ndikuduleni pakamwa. Puloti yanga ndi 15 kwa 20. Ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo ndili ndi mabanja asanu a lendi. Mamita 30 anuwo ndikawatenga kuti? Komanso pa kiyosiki madzi akasowa masiku awiri, anawo amwe malamulo?")

Ayi, musawaletse, asiyeni. Bambo mwafunsa bwino, safunsa anadya phula, ndipo funso lanulo lili m'mitima ya anthu theka muno. Khalani pansi ndikuyankheni bwinobwino.

Tiyambe ndi tepi. Puloti ya mamita 15 kwa 20, mukayeza mopingasa kuchokera pa kona iyi kukafika pa kona ya kutali, mupeza mamita 25. Ngakhale muike chimbudzi pa kona ina, chitsime pa kona inayo, simufika 30. Ndipo mukakankhira chitsime ku kona, mwachifikitsa pafupi ndi chimbudzi cha aneba, poti nawonso anakankhira chawo kumpanda kuti fungo lipite kwa inu. (kuseka) Choncho mwanena zoona, mamita 30 palibe. Koma tanthauzo lake si loti lamulo ndi lopusa. Tanthauzo lake n'loti pa puloti yotero sipangakhale zonse ziwiri. Chimodzi chichoke. Chimbudzi sichingachoke, mabanja asanu apita kuti? Ndiye chochoka ndi chitsime. Ndiwonjezere ndi ichi, ngakhale chikhale chowawa: 30 ameneyo ndi mpata wochepetsetsa, ndipo pamwala wamphako sakutsimikizirani kanthu. Mng'alu umodzi wolunjika ukhoza kulumikiza chimbudzi cha ku msika ndi mjigo wa kuno.

Mwati munagula ndi ndalama zanu. Zoona, ndipo palibe akukulandani. Pepala la occupancy licence limene khonsolo imapereka m'makomboni ovomerezeka limakupatsani zaka 30 zokhala pamalopo. Koma madzi a pansi pa puloti yanuyo simunagule. Lamulo la 2011 limanena kuti madzi onse a m'dziko muno, mmene alili m'chilengedwe, ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Ndipo ngakhale pasanakhale lamulo, madziwo sadziwa bikoni. Amene ali pansi pa bedi lanu lero, mawa ali m'chigubu cha amayi awa.

Nanga chimbudzi chikhale chotani? Muno chimbudzi chabwino si chakuya ayi, ndi chotseka. Pansi pake muthire konkire, makoma a dzenje akhale a mabuloko opanda mipata, mkati mupake pulasitala wa simenti yokwanira, ndipo chikwere pamwamba pa nthaka kupitirira pamene madzi osefukira amafika pa yadi yanu. Masitepe atatu kapena anayi si manyazi. Musiye chivundikiro kumbuyo chopopera. Musanayambe kuchigwiritsa ntchito, dzazani madzi, lembani mzera ndi choko, mubwere mawa. Madzi akatsika ndiye kuti chikudontha, mmisiri abwereze asanalandire ndalama yotsala. Chimbudzi chotero chimadzaza, inde, ndipo kudzazako ndiye umboni woti chikugwira ntchito. Chikadzaza mumaitana anyamata opopa a ku Water Trust, amene amatapa m'migolo n'kupita nazo kumalo okonzera. Chimene sitifuna ndi chija mumachita usiku mvula ikugwa, kukumba kadzenje pambali n'kuboola khoma kuti zitsikiremo, kapena kutsegulira mu ngalande. Pamenepo mwatsanulira m'kamwa mwa komboni yonse. Inu a landilodi, ndalama yopopetsera muziipatula pa lendi mwezi ndi mwezi, ngati mmene mumapatulira ya magetsi. Ndipo a lendi lekani kutayamo mapampasi, mabotolo ndi nsanza, chifukwa ndi zimene zimadzazitsa dzenje msanga n'kukwezetsa mtengo wopopera.

Pali amisiri ena amakunyengererani kuti, bwana, ndikumangirani sepitiki yosadzaza. Amasiya pansi posathira konkire, kapena akapeza mng'alu m'mwala amasangalala n'kulozetsa paipi momwemo. Ndiye mumamva munthu akudzitama pa bawa kuti yanga yatha zaka khumi sindinaitanepo galimoto yopopa. Mufunseni kuti, nanga za zaka khumizo zinapita kuti? Sepitiki yeniyeni imakhala ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kawiri kuposa chachiwiri, yosadontha, ndipo imapopedwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Musaganize kuti vutoli ndi la m'komboni mokha. Ku mayadi ngati ku Chalala nyumba zambiri zili ndi mjigo wakewake ndi sokawe yakeyake kuseri kwa mpanda wamagetsi. Amamwa zomwezo, kungoti amamwera m'galasi. Nthaka ya muno siisefa, ndipo siyang'ana kuti wathirayo ndi bwana kapena wa ganyu.

Tsono funso lanu lomaliza, limene ndi lolemera kuposa onse: madzi akasowa pa kiyosiki. Zimachitika, makamaka magetsi akamazimazima ngati mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, poti pampu imayendera magetsi. Sindikuuzani kuti ana agone ndi ludzu. Koma tawerengerani. Munthu mmodzi, pa kumwa ndi kuphika pokha, amafuna malita ngati 7 ndi theka pa tsiku. Banja la anthu 6 ndi malita 45. Dramu ya malita 210, yotsuka bwino, yovundikira, ya kampopi pansi, ikusungani masiku anayi n'kutsalako. Tsiku limene madzi abwera, choyamba kudzaza chikhale dramu ya akumwa, zochapa pambuyo. Ndipo kusowa kwa madziko ndi nkhani yoti komiti ya wadi iipititse kwa a khansala ndi kwa a NWASCO, amene amayang'anira makampani a madzi, molemba, ndi masiku ake. Kufukula chitsime kumangothetsa ludzu la lero, kiyosiki n'kukhalabe youma. Bambo, ndakuyankhani? Mwagwedeza mutu mwa theka. Tikambirana tikatuluka.

Ndinalonjeza za klorini. Klorini amapha tizilombo, kuwiritsa nakonso kumapha. Koma m'chimbudzi ndi m'feteleza mumachokeranso mchere wina wotchedwa nitrate. Suoneka, sununkha, madzi amakhala mbee ngati a m'botolo. Muyezo wa World Health Organization ndi mamiligalamu 50 pa lita imodzi, ndipo zitsime zambiri za m'makomboni okhala mothinana zimapitirira pamenepo. Klorini sauchotsa. Kuwiritsa ndiye kumauwonjezera mphamvu, chifukwa madzi amauluka, mcherewo n'kutsala. Amene umawapweteka kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6, makamaka amene amamwa mkaka wa m'chitini wosungunulira madzi otero. Magazi amalephera kunyamula mpweya, mwana milomo ndi zala zimabiriwira. Amayi oyamwitsa, mwamva? Madzi a pachitsime, ngakhale owiritsa, asafike pa botolo la mwana. Ndipo mjigo wa anthu onse ukadzaza nitrate, kampani imayenera kuutseka kapena kusakaniza madzi ake ndi ena, ndiye mzera wa pa kiyosiki umatalika. Mwaona mmene chimbudzi chodontha chimabwererera kwa mwini wake?

Anyamata a magalaja, ndakuonani mwakhala pakona apo. Oyilo wakutha mumamuthira pansi, ena mumathira m'chimbudzi ati kupha fungo. Oyilo, dizilo ndi asidi wa mabatire sizifa pa masiku 50, zimakhala pansipo zaka. Pogwirira ntchito pakhale pa konkire, oyilo asonkhanitsidwe m'dramu, alipo amene amagula. Chimodzimodzi maenje aja anakumbamo miyala ku Misisi ndi kuno. Madzi obiriwira amene mumawaona mmenemo si chithaphwi wamba, ndi madzi a pansi amene avundukulidwa. Kutayamo zinyalala, agalu akufa, n'chimodzimodzi kutaya m'chitsime. Ndipo wina akabwera n'kukwirira dzenje lotero ndi zinyalala, kuthira kadothi pamwamba, n'kukugulitsani ngati puloti, dziwani kuti mwagula matenda pamodzi ndi nyumba yodzang'ambika.

Nkhani ya Forest 27 munaimva pa wailesi. Nkhalango imeneyo ili kummawa kwa mzinda, ndipo ndi malo amene mvula imalowera pansi n'kukadyetsa mitsinje monga Chalimbana, umene umathira mu Chongwe. Chitetezo chake chinachotsedwapo m'zaka za m'ma 1980, mtsinje unayamba kuphwa, anthu a kumeneko anadandaula mpaka chinabwezeretsedwa mu 1996. Kuyambira 2017 zigawo zina zinadulidwanso kukhala mapuloti, nkhani mpaka inafika ku khoti. Malo otero ukawaphimba ndi malata ndi simenti, mvula imathamangira mu ngalande m'malo molowa pansi, ndipo yochepa imene yalowayo imadutsa m'masokawe. Wina anganene kuti n'za kutali, za anthu a ndalama. Chaona mnzako chapita. Ifenso tili ndi tinkhalango tathu: kabwalo kaja kozungulira mjigo wa Trust, kamene chaka chilichonse kamachepa chifukwa wina wasuntha mpanda, wina wamangapo kasaluni. Amene amagulitsa malo amenewo mumawadziwa, ndipo amene amagula muli muno.

Ndaona amayi ayamba kumanga ana kumbuyo, ndipo kumwambaku kwada. Ndithamange, gwirani izi.

Amene muli ndi chitsime chosaya, chikwiriridwe bwino, osati ndi zinyalala. Thirani klorini, kenako miyala yoyera ndi dothi, mita yomaliza ya pamwamba dothi lomata lotsendera, n'kutseka ndi konkire. Chitsime chongosiyidwa chili pululu n'choipa kuposa chimene chikugwira ntchito, poti chimasanduka dzala lolunjika m'madzi.

Amene mukufuna mjigo, mwina a tchalitchi kapena a sukulu, yambani mwapita ku WARMA, funsani laisensi ya wobowola, yezani mamita 30 mbali zonse kuphatikizapo kwa aneba. Muimirire pomwepo pamene akuthira simenti yotseka mpata wa pakati pa paipi ndi khoma la dzenje, mamita angapo a pamwamba, chifukwa pamenepo ndi pamene ambiri amaba, ndipo madzi a pa yadi amatsikira pomwepo. Paipi itulukire pamwamba ngati theka la mita, ikhale ndi chivundikiro, pozungulira pakhale konkire yotsetsereka. Madzi kawayezetseni ku labu, monga ya ku yunivesite ya UNZA kapena ya Zambia Bureau of Standards, ndipo muyezetse mu Febuluwale, osati mu Okutobala pamene chilichonse chimaoneka bwino. Botolo likhale lochokera ku labuko, lisungidwe pozizira, lifike tsiku lomwelo. Muwauze ayeze E. coli ndi nitrate. E. coli ayenera kukhala 0 pa mamililita 100, osati ochepa ayi, 0.

Musanagule puloti kapena kumanga chipinda china cha lendi, kafunseni ku khonsolo ngati malowo ndi ololedwa. Mukaona wina akukumba maziko pafupi ndi mjigo wa anthu onse, uzani komiti ya wadi tsiku lomwelo, maziko asanafike pa windo, chifukwa nyumba ikafoleredwa nkhani imasanduka ya ndale. Madzi akumwa, ngakhale a pa kiyosiki, nyengo ino thiranimo Clorin, klorini uja wa m'timabotolo, muyezo wake uli pa botolo ndipo chivundikiro chake ndicho choyezera, mudikire mphindi 30. Wina akatsekula m'mimba, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa ali panjira ya ku kiliniki. Nthaka ya muno bwanji?

(Anthu: "Siisefa!")

Chabwino. Amene muli ndi zitsime kapena zimbudzi zodzaza, lembetsani nambala ya nyumba kwa amayi a komiti pa tebulo apo musanatuluke. Lachiwiri m'mawa tiyamba kuyenda ndi tepi, kuyambira ku msika kutsikira kumunsi. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.